Kusaka sushi yabwino mukamakhala kunja kwa tauni ya Blantyre

Munthu wokhala ku Chileka, Lunzu, Machinjiri, Mpemba kapena Chigumula akalakalaka sushi sangangotuluka pageti n'kuyembekezera kuti aipeza pamsika wapafupi. Chakudya cha ku Japan kuno chimabisala. Mungachipeze pa tsamba lomaliza la menyu ya hotela, pa lesitilanti yophika zakudya za maiko a ku Asia mosakaniza, kapena m'khitchini ya munthu amene amaphikira kwawo n'kumalandira maoda pa WhatsApp. Kuchipeza kokhako si nkhani yaikulu. Ntchito ili pa kudziwa ngati chimene mwapezacho ndi choyenera kulowa m'kamwa mwanu.

Ndikutero chifukwa cha kumene tili. Dziko lathu silinakhudze nyanja ya mchere. Madoko apafupi, Beira ndi Nacala, ali ku Mozambique, ndipo salmon imene ambiri amaikonda pa sushi sikhala n'komwe m'madzi otentha a kumeneko. Imawetedwa ku Norway, Scotland ndi Chile. Kachidutswa ka salmon kamene kali pa mbale ku Blantyre kakwera ndege kapena sitima ya pamadzi, kagona m'zipinda zozizira, kadutsa m'manja ambiri, kenako kafika kuno kumene magetsi amazima mosatsanzika. Onse amene anakagwira akasamala, kamakoma zedi. Mmodzi yekha akalekerera, wodyayo ndiye amadwala. Choncho maso anu akhale pa zinthu ziwiri: kuzizira kwa nsomba ndi kaphikidwe ka mpunga.

1. Dziwani dzina la chimene mukufuna

Ambiri amayesa kuti sushi ndi nsomba yaiwisi basi. Chimene chimapanga sushi ndi mpunga wothira viniga, shuga ndi mchere. Pamwamba kapena mkati mwake mungakhale nsomba yaiwisi, nsomba yophika, dzira kapena masamba. Nsomba yaiwisi yodulidwa payokha, popanda mpunga, ndi sashimi. Nigiri ndi kambamu ka mpunga koumbidwa ndi manja, kovekedwa kachidutswa ka nsomba pamwamba. Maki ndi mpunga wokulungidwa mu nori, ndere za m'nyanja zoumitsidwa zimene zimabwera zili zopyapyala ndi zakuda, kenako n'kudulidwa tizigawo. California roll, imene simasowa pa menyu zambiri, imakhala ndi mpunga kunja, ndipo mkati muli peyala, nkhaka ndi crab stick, yomwe ndi nsomba yopera yophikidwa kale.

Sushi ndi mbali imodzi chabe ya chakudya cha ku Japan. Kuli karaage, nkhuku yonyikidwa mu sosi ya soya ndi jinja kenako n'kukazingidwa. Tempura, masamba kapena prawns zokutidwa ndi ufa wopepuka n'kukazingidwa. Yakitori, nkhuku yowotcha pa makala yobayidwa pa timitengo. Ramen ndi udon, mitundu ya noodles (tizingwe ta ufa wa tirigu), zimene zimabwera mu msuzi wotentha. Mayina amenewa muwasunge, mudzawafuna posaka.

2. Sakani mozungulira, osati pa foni pokha

Pa Google Maps lembani "sushi", kenako "Japanese", "Asian" ndi "ramen", lililonse palokha, chifukwa malo ambiri ogulitsa sushi sanadzilembetse ngati a chi Japan. Musayang'ane nyenyezi zokha. Sanjani ndemanga kuti zatsopano zikhale pamwamba, ndipo zithunzi zimene muzikhulupirire ndi zojambulidwa ndi makasitomala, osati za mwini malo. Sushi imayenda ndi munthu: shefu wodziwa akasiya ntchito, menyu imatsala yomweyo koma chakudya chimasintha sabata yomweyo. Ndemanga ya zaka ziwiri zapitazo ikukuuzani za shefu amene mwina anachoka kalekale. Pa Facebook ndi Instagram onani tsiku limene anaika chithunzi chomaliza.

Kenako funsani anthu. Ogwira ntchito m'makhitchini a mahotela amadziwana, ndipo amadziwa amene akupanga sushi mwaluso ndi amene akungoyerekeza. Amene anakaphunzira kapena kugwira ntchito ku Japan alipo pakati pathu, komanso anthu ongodzipereka ochokera ku Japan akhala akubwera m'dziko muno kuyambira 1971, mpaka pano kudzera ku bungwe la boma la Japan la JICA, kudzathandiza m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi a boma. Ngati wina ali kuntchito kwanu, mufunseni kumene amapita akalakalaka zakwawo. Akakuyankhani kuti amaphika yekha, funsani kumene amagula mpunga ndi nori.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi yotsata zipangizo. Pitani m'masitolo akuluakulu a ku Chichiri, m'tauni kapena ku Limbe, ndi m'timasitolo togulitsa zakudya za ku Asia. Pezani shelefu ya nori, viniga wa mpunga ndi mpunga wa sushi, n'kufunsa wokonza mashelefuwo kuti, "Achimwene, amene amagula zimenezi zambirizambiri ndi ndani?" Wogula nori mapaketi ambiri mwezi ndi mwezi ali ndi makasitomala, ndipo malo a makasitomala ambiri nsomba sigonera.

3. Imbani foni musanatenthe mafuta

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuchokera ku Chileka kufika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 16, ndipo wochokera ku Lunzu ali ndi ulendo woposa pamenepo. Imbani kaye, nthawi ya m'mawa kapena chakumasana ntchito isanawachuluke, ndipo ngati n'kotheka pemphani kulankhula ndi a shefu eni ake. Lankhulani mwaulemu, musamveke ngati mukuwazenga mlandu. Mungayambe chonchi: "Pepani bambo, ndikufuna kudzadya sushi kwanuko. Kodi nsomba yanu imafika tsiku liti, ndipo imachokera kuti?"

Wodziwa ntchito yake amayankha mosazengereza, ndipo nthawi zambiri amakondwa kuti wina wafunsa. Amatchula dziko, amatchula tsiku. Wongoti "ndi fresh bwana, musadandaule" sanakuyankheni.

Funso lachiwiri: kodi nsombayo inayamba yaumitsidwa mu firiza? Anthufe tinazolowera kuti nsomba yabwino ndi yongovuulidwa kumene, ndipo ya mu firiza timaiona ngati yotsalira. Pa sushi zinthu n'zosiyana. Nsomba za m'nyanja ya mchere zimatha kukhala ndi nyongolotsi yotchedwa anisakis, imene ikalowa m'mimba ili yamoyo imaboola khungu la mkati n'kuyambitsa ululu woopsa ndi kusanza. Moto umaipha, kuzizira kwambiri kumaiphanso. Bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku America, limalangiza kuti nsomba yodyedwa yaiwisi iyambe yakhala pa -20°C kwa masiku 7, kapena pa -35°C kwa maola 15 italimba gwa. Malamulo a European Union amafuna maola 24 pa -20°C. Firiza ya m'nyumba kawirikawiri imalekera cha pa -18°C, ndipo magetsi akazima imayamba kufunda. Choncho shefu akakuuzani kuti salmon yake imafika ili youma gwa m'paketi yotseka, ndipo amasungunula ya tsiku limenelo yokha pang'onopang'ono mu firiji, mwapeza yankho labwino. Dziwaninso kuti kuzizira kumapha nyongolotsi koma mabakiteriya kumangowagoneka tulo. Nsomba ikasungunuka n'kuumitsidwanso kawiri katatu, mabakiteriya amakhala akuchulukana paulendo uliwonse.

Ndiye funso lachitatu likubwera lokha: magetsi akazima mumatani? Kumva kuti ali ndi jenereta sikokwanira. Funsani ngati jenereta kapena sola yawo imayendetsanso firiza usiku malowo atatsekedwa. Pali malo amene amayatsa jenereta makasitomala akakhalapo, kuti nyale ndi nyimbo zisazime, koma akatseka amazimitsa zonse mpaka m'mawa.

Lomaliza: ndi nsomba ziti zimene amapereka zaziwisi? Akatchula chambo, kampango, mlamba kapena nsomba ina iliyonse ya m'nyanja ya Malawi, ya ku Chilwa, ya mu Shire kapena ya m'madamu, thokozani n'kudula foni. Chambo ndimaikonda ngati Mmalawi aliyense, koma nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kusunga nyongolotsi zimene zimakhazikika m'thupi la munthu, ndipo kuvuulidwa m'mawa womwewo sikuchotsa vutolo. Mandimu sazipha, viniga sazipha, wasabi (kaphala kobiriwira kowawa kamene kamabwera ndi sushi) sazipha. Ngakhale ku Japan komweko, unagi, nsomba yotalika ya m'mitsinje imene amaikonda kwambiri pa sushi, imawotchedwa kaye.

4. Mukafika, mphuno iyambe

Pitani tsiku limene nsomba yafika kapena lotsatira lake, ndipo fikani molawirira. Mukangolowa, nunkhizani. Pamalo pokonzera sushi pamayenera kumveka kafungo ka viniga ndi mpunga, mwina ndi ka mafuta okazingira. Fungo la nsomba lolasa mphuno ndi chizindikiro choti mubwerere.

Ngati sushi imapangidwira poonekera, khalani pafupi muone manja. Thabwa lodulira nsomba yaiwisi likhale lakelake, osati lomwe adulirapo nkhuku. Shefu wabwino amapukuta mpeni ndi kansalu koyera akadula kangapo, amanyowetsa zala m'kambale ka madzi a viniga asanagwire mpunga, amatulutsa nsomba mu firiji pang'ono n'kubwezeramo yotsala nthawi yomweyo. Dzanja limene lagwira ndalama kapena foni lisambidwe lisanabwerere ku mpunga. Chiphaso cha khonsolo chikhale pakhoma, ndipo pitani kuchimbudzi muone ngati kuli madzi ndi sopo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, ndipo sushi ndi chakudya chimene chimachoka m'manja kupita m'kamwa osadutsa pamoto.

5. Itanitsani pang'ono, muyambe ndi chotsika mtengo

Musayambe ndi mbale yaikulu ya zonse. Itanitsani kappa maki, yomwe ndi ya nkhaka yokha, kapena maki ya peyala. Mulibe nsomba, mulibe sosi yobisa zolakwika, ndiye mpunga umaonekera poyera. Pa nsima timadziwa dzanja la wophika tisanalawe ndiwo, ndipo pa sushi n'chimodzimodzi.

Tengani kachigawo kamodzi mukayang'anitsitse. Njere za mpunga zikhale zazifupi, zonenepa, zonyezimira, ndipo muzitha kuziona imodziimodzi ngakhale zagwirana. Mukakanyamula kasamwazike, koma kakafika pa lilime kamasuke kokha. Mpungawo usakhale wozizira. Uyenera kukhala wofunda pang'ono kapena wofanana ndi mpweya wa m'chipindamo. Wolimba, wozizira, wokhala ngati wosapsa mkati ndiye kuti wagona mu firiji. Wophwanyika n'kusanduka phala ndiye kuti madzi anachuluka kapena anaukanya ndi mphamvu. Mumve kuwawasa kwa viniga, kutsekemera pang'ono ndi kamchere, popanda china kupondereza chinzake. Viniga ameneyu sali pamenepo chifukwa cha kukoma kokha: ndi amene amaletsa mabakiteriya kuswana mu mpunga umene ukukhala kunja kwa firiji. Mpunga wosamveka viniga n'komwe ndi wosakoma komanso wokayikitsa. Nori ikhale youma, yoduka bwino ndi mano. Ikamatafunika ngati mphira, maki imeneyo inakulungidwa kale kwambiri.

Mpunga ukakhoza mayeso, itanitsani nigiri ziwiri za salmon. Mnofu ukhale wonyezimira, wolimba, mizere yoyera ya mafuta ikuoneka bwino. Usakhale woterera, wouma m'mphepete kapena wotuluka madzi pa mbale. Pa tuna samalani kawiri. Kufiira kowala kwambiri si umboni wa kanthu, chifukwa tuna ina imathiridwa mpweya wa carbon monoxide kuti isasinthe mtundu ngakhale itakhalitsa. Komanso tuna ikasiyidwa pofunda imapanga histamine, mankhwala odwalitsa amene sachoka ngakhale mutaiphika. Ikakuyabwani kapena kukulumani pa lilime ngati muli tsabola, lavulani, musapitirize. Zizindikiro zake zimabwera msanga: nkhope kufiira, mutu kupweteka, zidzolo. Kupuma kukayamba kuvuta thamangirani kuchipatala.

Pa menyu mukaona "butterfish" kapena "white tuna", funsani dzina lake lenileni. Kawirikawiri imakhala escolar, nsomba yokoma koma ya mafuta amene thupi la munthu siligaya, ndipo mukadya yambiri imatsegula m'mimba mwa mafutamafuta. Kachidutswa kamodzi kapena tiwiri n'kokwanira.

Ine ndimakayikira malo amene sushi iliyonse imabwera itamizidwa mu mayonesi ndi sosi zotsekemera. Zilipo zimene zimapangidwa choncho mwadala ndipo zimakoma, koma shefu wonyadira nsomba yake amakhala ndi zina zimene amazipereka zili zokha.

Za kadyedwe musade nazo nkhawa. Nigiri ndi maki n'zololedwa kudya ndi manja, ngakhale ku Japan. Thirani sosi ya soya pang'ono m'kambale, tembenuzani nigiri kuti nsomba ndiyo ikhudze sosiyo, chifukwa mpunga umamwa yambiri n'kumwazika. Jinja wopyapyala wa pambaliyo, gari, ndi wotsuka m'kamwa pakati pa nsomba ina ndi ina. Wasabi yambani ndi kochepetsetsa, amakwera m'mphuno. Wobiriwira amene amaperekedwa m'malo ambiri padziko lonse ndi muzu wowawa wotchedwa horseradish wosakaniza ndi mustard ndi utoto, choncho chimenecho chisakhale chifukwa chonyozera malowo.

6. Amene sayenera kudya zaziwisi

Amayi oyembekezera, ana aang'ono, agogo, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, kaya ndi chifukwa cha HIV, khansa, matenda a chiwindi kapena mankhwala amene akumwa, asadye nsomba yaiwisi ngakhale malowo akhale abwino chotani. Asatsale kunyumba chifukwa cha zimenezi. Pali tamago, ya dzira lokazinga lotsekemera pang'ono; ebi, ya prawns zowiritsa; maki za masamba; ndi zotentha zonse zija. Zotenthazi zilinso ndi mayeso ake. Tempura yabwino imakhala yotuwa, yopepuka, yosasiya dziwe la mafuta pa mbale. Karaage imakhala yokhukhuluka kunja, yamadzimadzi mkati. Msuzi wa miso, wopangidwa kuchokera ku nyemba za soya, umabwera wotentha koma wosawiritsidwa mpaka kutha fungo. Khitchini imene ikukhoza zimenezi ndi ya chi Japan ndithu, ngakhale itakhala kuti nsomba yaiwisi ilibe tsiku limenelo. Shefu amene angakuuzeni kuti "lero salmon sinafike, idyani zophika" ndi woyenera kumubwerera.

7. Kutengera kunyumba, ndi ogulitsa a pa WhatsApp

Kwa ife okhala kutali ili ndiye yesero lalikulu. Chakudya chosachedwa kuwonongeka chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola 2, ndipo kukatentha kupyola 32°C, monga zimachitikira masiku ena a Okutobala ndi Novembala, nthawiyo imatsika kufika ola limodzi. Werengerani kuyambira pamene sushi yapangidwa, osati pamene mwailandira. Madzulo a tsiku la ntchito, mzere wa magalimoto wa pa Chipembere Highway kapena wolowera ku Chirimba mpaka pa Kameza ungadye gawo lalikulu la nthawi imeneyo. Nyamulani cooler box yokhala ndi mabotolo a madzi oundana, muike kansalu pakati kuti mpunga usakhudze ayezi, ndipo bokosilo likhale mkati mwa galimoto, osati ku buti. Mukafika idyani nthawi yomweyo. Yotsala ya nsomba yaiwisi musaisungire mawa.

Ngati akutumiza ndi wa kabaza, funsani ngati ali ndi chikwama chozizira ndiponso ngati akubwera kwanu molunjika kapena ali ndi maoda ena oti ayambe wasiya ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe. Kukakhala kutali, monga ku Lunzu kapena kupitirira Chigumula, itanitsani zophika ndi zamasamba zokha.

Ophikira kunyumba ena ndi aluso kwambiri, ndipo poti amapanga za maoda okha, mpunga wawo umakhala wa tsiku lomwelo. Afunseni mafunso omwe aja a pa foni, onjezerani kuti akutumizireni chithunzi cha paketi ya nsomba poonekera dziko limene yachokera ndi tsiku lotha ntchito. Oda yoyamba ikhale yaing'ono ndi yopanda zaziwisi, ndipo mukatenge nokha kuti muone khitchini. Musatumize ndalama zonse pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene palibe mnzanu ndi mmodzi yemwe anagulako.

8. Mukasowa kokhulupirira, pangani nokha

Gulani mpunga wa sushi, wa njere zazifupi. Tsukani makapu 2 mpaka madzi atayera, uvikeni kwa mphindi 30, kenako phikani ndi madzi ongopitirira pang'ono makapu 2, popanda mafuta kapena mchere, poto ali wovundikira. Ukapsa usiyeni mphindi 10 osavundukula. Sungunulani masupuni aakulu 2 a shuga ndi kasupuni kamodzi ka mchere mu masupuni aakulu 4 a viniga wa mpunga. Ngati muli ndi viniga woyera wamba, ndi waukali kuposa wa mpunga, ndiye chepetsani pang'ono n'kuwonjezera kamadzi. Khuthulirani mpunga m'mbale yotakasuka, thirani vinigayo, sakanizani ndi chipande modula m'mbali osati movundula, wina akukupizirani ndi lichero mpaka nthunzi ithe.

Kilombero wathu wa ku Karonga ali ndi njere zazitali ndi fungo lakelake, ndipo sagwirana mokwanira kuti akulungidwe bwino. Ngati ndi amene muli naye, musalimbane ndi maki. Pangani chirashi, sushi ya m'mbale, imene sifuna nori kapena kamphasa kokulungira. Ikani mpunga wa viniga uja pansi, pamwamba yalani peyala wakupsa, nkhaka ndi karoti za ku Bvumbwe zodulidwa mopyapyala, ndi dzira lokazinga lodulidwa timizere. Chambo ichotseni minga, ikazingeni mpaka ipse mkati, kenako thirani mu poto momwemo masupuni 2 a sosi ya soya, supuni imodzi ya shuga ndi jinja wopala, muitembenuze mpaka sosiyo itamatirira n'kunyezimira. Idikireni izizireko pang'ono musanaiike pa mpunga, chifukwa ikakhala yotentha kwambiri imafewetsa peyala n'kuthamangitsa fungo la viniga.